Mayeso m'Munda wa Apongozi

"A Vinsenti, nkhope yanga ili kuno. Pansipo mwatayapo chiyani?"

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Vinsenti anadzutsa mutu pang'ono, naona magalasi a Mayi Victoria, mphunzitsi wawo wa phunziro la mabizinesi ang'onoang'ono, kenaka maso ake anathawiranso ku nsapato. Nkhani ya bizinesi ya kachewere imene ankafotokozayo ankaidziwa bwino, ndipo m'kalasimo munalibe wina wodziwa za kachewere kuposa iye. Vuto linali lakuti Mayi Victoria anali a msinkhu wa amayi ake, ndipo kwawo munthu wa msinkhu wotere sumamuyang'ana m'maso ngati mukulimbirana chinthu.

"Zimene mwalembazi ndi zabwino," anatero mphunzitsiyo, akugogoda mapepala ndi chala. "Koma malonda sachitika ndi munthu woyang'ana fumbi. Mvetserani nonse. Sabata ya mawa ndiyamba kuyendera mabizinesi amene mwakhala mukuwafufuza. Aliyense adzakhala pansi ndi mwini bizinesi, maso ndi maso, n'kumuuza chimene akulakwitsa ndi chimene angasinthe. Ine ndidzangokhala pambali n'kumamvetsera. Mayeso anu ndi amenewo."

Bizinesi imene Vinsenti anaifufuza teremu yonseyo inali ya apongozi ake, a Magadalena a ku Kaphuka, ndipo chikwatirireni iye ndi apongozi akewo anali asanalankhulanepo mawu ngakhale amodzi.

Anthu atatuluka, anatsalira pakhomo chipewa chili m'manja.

"Madamu, pali kavuto pang'ono. Mwini bizinesi uja ndi apongozi anga. Timaopana."

"Mwambowo ndimaudziwa, nanenso ndinabadwira kumudzi," anayankha Mayi Victoria mopanda ukali. "Koma zimenezi zinalembedwa m'ndondomeko ya phunziro imene ndinakupatsani poyamba paja. Munaiwerenga mpaka kumapeto?"

Vinsenti anali atawerenga tsamba loyamba lokha.

"Safunsa adadya phula. Kusintha bizinesi pano nthawi yatha. Kakambiranani kunyumba, ine ndifika Lachinayi."

Malo a pa koleji ya ku Lilongwe imeneyi Vinsenti sanawatole panjira. Atamaliza Fomu 4 anakhala zaka zingapo akusenza matabwa m'nkhalango ya paini ku Phiri la Dedza, kenaka anakwatira Bernadetta n'kukakhala chikamwini ku Kaphuka. Chaka choyamba kufunsira malo sanayankhidwe n'komwe. Chaka chachiwiri anabwereka foni ya akatekisiti, nakwera pachulu pamene netiweki imagwira, n'kutumiza zonse ali chiimire mphepo ya Juni ikumudula makutu. Tsiku limene dzina lake linatuluka anathamanga kuchokera kumsika mpaka kunyumba, nsapato zili m'manja. Koma teremu yoyamba analephera phunziro la makompyuta, poti chinthucho anali asanachikhudzepo, ndipo lamulo la pa kolejipo linali losakambirana: wolephera kawiri m'chaka choyamba amalongedza katundu.

Kuchipinda chogona anakapeza mnzake Tony, mnyamata wa ku Kawale, akukazinga mazira pa kambaula kamagetsi kamene malamulo ankaletsa. Tony anamva nkhaniyo n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Aise, ndiye mumakhala bwanji mudzi umodzi osalankhulana? Mukakumana panjira?"

"Ndimapatukira kutchire."

"Kukakhala minga?"

"Ndimaponda mingayo."

"Iwe ndi munthu wovutika ndithu," anatero Tony akupukuta misozi. "Tamvera. Pamsika wa ku Dedza pali amayi ambirimbiri ogulitsa kachewere. Tikapeze mmodzi wolongolola, timugulire chitenje, Lachinayi akhale apongozi ako. Madamu adziwa bwanji?"

Vinsenti anaganizadi za nzeru imeneyi kwa kanthawi, ndipo tisamunamizire kuti ndi woyera. Koma anakumbukira kuti ku Kaphuka nkhani imayenda msanga kuposa njinga yamoto. Zikanadzamveka kuti mkamwini wakabwereka apongozi pamsika enieniwo ali moyo, sakanadzalowanso m'mudzimo.

"Ayi, ndikawapempha eni akewo," anatero.

"Kapemphe ndithu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna."

Loweruka anakwera minibasi, natsika pamsewu waukulu, n'kumalizira ulendo pa kabaza. M'mudzi anafika dzuwa likupendeka, anthu akuchokera kokumba kachewere. Bernadetta anamuchingamira ndi mwana wawo Sungeni kumsana, ndipo asanamalize ngakhale kumwa madzi anali atamukhuthulira nkhani yonse.

Madzulo amenewo anakhala monga ankakhalira nthawi zonse pakakhala nkhani ya pabanja. A Magadalena anakhala pamphasa kuseri kwa khitchini. Vinsenti ananjuta mbali inayi ya khoma lomwelo. Bernadetta anakhala pangodya, pamene ankatha kuona onse awiri. Khomalo linali la njerwa zosawotcha ndipo mawu ankadutsa bwinobwino, koma aliyense ankadikira kuti Bernadetta abwereze, ngati kuti winayo ali ku Ntcheu.

"Uwauze amayi kuti aphunzitsi anga akubwera Lachinayi. Akufuna andione ndikulankhula nawo za munda, maso ndi maso. Ndikapanda kutero andichotsa sukulu."

"Amayi, akuti aphunzitsi awo akubwera Lachinayi..."

"Uwauze bambo a Sungeni kuti aphunzitsiwo afike, thobwa alipeza," anayankha a Magadalena mwana wawo asanamalize. "Koma za maso ndi maso, ayi. Ine si mnzawo wa m'kalasi."

"Akuti thobwa alipeza."

"Uwauze kuti ndi kanthawi kochepa chabe. Zikatha tidzabwerera mwakale."

"Uwauze kuti pakamwa si chitseko choti lero watsekula, mawa watseka. Adalira mvula, alire ndi matope omwe. Sukulu anaifuna okha."

Atatero anadzuka, nakung'untha mphasa, n'kulowa m'nyumba mwawo. Vinsenti anatsala chinjutire, mtima ukumuwawa kwambiri. Munda umenewo ankaulima ndi iye. Mizere yake ankaidziwa ngati zala zake, ndipo chikwatirireni sanawiringulepo ngakhale tsiku limodzi.

M'mawa mwake, pochokera ku Misa, Bernadetta anamukokera pansi pa mtengo wa pichesi.

"Musawaone ngati ouma mtima. Inu simukudziwa za alamu anga a Gerevazio, amuna awo a achemwali anga a Monika."

"Amene ali ku Blantyre aja?"

"Omwewo. Mukudziwa kuti kwathu kuno pakamwa pa mkamwini amatsekula ndi apongozi eni ake, pomupatsa nkhuku m'manja. Amayi anawapatsa a Gerevazio nkhuku chaka choyamba chomwe, poti ankawakonda. Anayamba kucheza, kuseka, kudyera pamodzi. Tsiku lina a Gerevazio anawanyengerera amayi kuti awalole akaphunzire kuyendetsa galimoto m'tauni. Anapitadi, anaphunzira, ndipo kumeneko anakwatirako wina. Achemwali anga mukuwaona mmene alili ndi ana aja."

"Ndiye ine ndalakwa chiyani?"

"Palibe. Koma amayi amati mkamwini ukamuzolowera amakupempha njira, ndipo ukamupatsa njira sabwerera. Chiyambireni inu sukuluyi sagona tulo."

"Ukanandiuza kale."

"Mukanatani? Nkhuku sapempha, bambo a Sungeni. Amapereka okha."

Vinsenti sanabwerere ku Lilongwe. Anatumiza uthenga kwa Tony kuti amusungire zolemba za m'kalasi, ndipo masiku otsatirawo anawathera m'munda. Ankakumba kumunsi apongozi ake akukumba kumtunda, ndipo ankayeserera mawu ake chamumtima, kuuza makasu ndi madengu zimene ankayenera kuuza munthu.

Lachinayi chakum'mawa galimoto ya koleji inaima pafupi ndi mpanda. Mayi Victoria anatsika atavala chitenje pamwamba pa siketi ndi nsapato zafulati, ndipo a Magadalena anawalandira ndi manja awiri. Anamwa thobwa, nafunsana za kumene achokera, n'kupezeka kuti agogo a Mayi Victoria anaphunzirapo ku mishoni ya Kasina. Amayi awiriwo anaseka ngati anadziwana kale. Vinsenti, ali chapatali pafupi ndi khola la mbuzi, anayamba kuona ngati zinthu zingayende.

Anapita kumunda wa kuseri kwa nyumba, kumene kachewere wokumbidwa dzulo lake anali ataunjikidwa mulu umodzi. A Magadalena anakhala pa thumba pafupi ndi muluwo. Mayi Victoria anakhala pa mpando umene anawatengera, natsekula faelo yawo.

"Yambani, a Vinsenti."

Vinsenti anaima patali ndithu, atatembenukira kuphiri, apongozi ake ali kumbuyo kwake. Anakonza kukhosi.

"Bernadetta, uwauze amayi kuti choyamba ndikuthokoza chifukwa cha..."

"A Vinsenti," anamudula Mayi Victoria. "Mwini bizinesi ndi a Bernadetta?"

"Ayi, Madamu."

"Ndiye lankhulani ndi mwini wake."

Vinsenti anayesa. Anatembenuka theka, naona m'mphepete mwa chitenje cha apongozi ake ndi mapazi awo ali ndi dothi lofiira, ndipo lilime linakana. Nawonso a Magadalena anali atakokera mpango kumaso, akuyang'ana kumbali. Panangomveka mbuzi ikulira kukhola.

Mayi Victoria anadikira nthawi yaitali ndithu. Kenaka anatseka faelo pang'onopang'ono.

"Amayi, ine sindinabwere kudzaphwanya mwambo wa pakhomo panu, ndipo sindikukakamizani. Koma sindingalembe kuti ndaona chinthu chimene sindinachione. Anzawo onse ndikuwayesa chimodzimodzi." Anatembenukira kwa Vinsenti. "Pepani. Ndinu mmodzi mwa ophunzira anga abwino, ndipo zikundiwawa."

Anaimirira nayamba kulowera kugalimoto. Vinsenti anangoti chilili, manja ali lende. Ankaona kale mmene adzatsikire pa kabaza ndi chikwama ndi matiresi, anthu a pamsika akumuyang'ana.

Amene anaphulika ndi Bernadetta, munthu amene sankakweza mawu pamaso pa amayi ake.

"Amayi, zoona? Munthu uyu wakulimirani munda uno chikwatirireni, wakufolererani nyumba, mutadwala anakunyamulani pa njinga mpaka kuchipatala cha ku Kasina osakuyang'anani n'komwe. Lero mukumulanga chifukwa cha a Gerevazio? Mukuganiza kuti akamuchotsa sukulu ndiye akhala pano mosangalala? Adzakhala, inde, koma tsiku lililonse akadzaona khasu adzakumbukira kuti munamutsekera ndi inu. Ine ndiye ndidzakhale naye m'nyumba munthu wotero!"

Mawu anamuthera, nayamba kulira, Sungeni kumsana n'kuyambapo naye.

A Magadalena anakhala kanthawi akuyang'ana mulu wa kachewere, kenaka anadzuka, namanga chitenje mwamphamvu, n'kulunjika kunyumba. Vinsenti anaganiza kuti akwiya ndipo akukadzitsekera. Koma posakhalitsa kunamveka chiphokoso kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zikulira n'kubalalika, ndipo anaona apongozi ake, mayi wa zidzukulu zisanu, akuthamangitsa thadzi lofiira mozungulira khitchini. Thadzilo linalowa pansi pa galimoto ya koleji. A Magadalena anagwada pafumbi, nalowetsa mkono, n'kulitulutsa ali chigwirire miyendo.

"Aphunzitsi, musakwere kaye," anatero akupuma mwabefu. "Bwererani pampando paja."

Anayenda mpaka pamene panaima Vinsenti, ndipo ulendo uno sanapatuke. Anaima patsogolo pake penipeni. Vinsenti anagwada msangamsanga.

"Bambo a Sungeni, landirani nkhuku iyi."

Kanali koyamba kumva mawu amenewo akubwera kwa iye osadzera pa munthu wina. Anatambasula manja onse awiri, nalandira thadzilo.

"Zikomo, amayi."

"Dzukani. Nenani zimene mwaphunzirazo, ndimve ngati zili ndi mutu."

Vinsenti anadzuka nkhuku ili kukhwapa, poti panalibe amene anaganiza zomulandira, ndipo anayang'ana apongozi ake kumaso. Anadabwa kuona kuti ali ndi kachipsera pachibwano ndiponso kuti maso awo ndi a Bernadetta enieni. Mawu oyamba anatuluka mokakamira, koma atafika pa kachewere lilime linamasuka.

"Amayi, mulu uwu ndi umene ukutidyera. Timasakaniza wamkulu ndi wamng'ono. Venda akabwera amatola kakang'ono, n'kukuonetsani, n'kugula mulu wonse pa mtengo wa kakang'onoko. Akafika m'tauni amasankha yekha, wamkuluyo n'kukagulitsa kwa okazinga tchipisi. Tikamasankha tokha pano, milu itatu, phindu limenelo litsala pakhomo."

"Ndiye wamng'onoyo adzagula ndani? Mavenda amafuna zonse pamodzi."

"Amayi a pamsewu amene amagulitsa m'timabeseni amafuna wamng'ono yemweyo. Ndinawafunsa."

"Hmm. Chinanso?"

Chachiwirichi ndi chimene Vinsenti ankachiopa.

"Mbewu, amayi. Chaka chilichonse timagulitsa wabwino yense, n'kusunga zotsalira kuti zikhale mbewu. N'chifukwa chake munda ukubwerera m'mbuyo. Si feteleza ayi. Tikubzala zimene ena akana."

"Iii! Mbewu imeneyi ndinaisunga chomwechi inu musanabadwe!"

"N'zoona, amayi. Komatu kale munkakolola ngolo zingati pamunda uno, ndipo chaka chino mwakolola zingati?"

A Magadalena anatembenukira kwa Mayi Victoria, amene anali atakhalanso pampando akulemba mofulumira.

"Aphunzitsi, kodi kusukulu kwanuko mumawaphunzitsa kuyankha akuluakulu chonchi?"

"Timayesetsa, amayi. Awa ndiye anali ovuta kwambiri."

Onse anaseka, ngakhale Bernadetta amene misozi inali isanaume. Mkangano wa mbewu unapitirira mpaka dzuwa linafika pamutu. A Magadalena sanavomere zonse. Za milu itatu anati ayesa, za mbewu anati ayesa pa mizere ya kumunsi yokha, ndipo za kukagulitsa okha ku Lilongwe anakaniratu, nati iwo sakufuna kukagona pa matumba mumsika ngati alibe kwawo. Vinsenti anagonja pamenepo, ndipo Mayi Victoria ananena kuti kudziwa pogonjera ndi mbali ya phunziro lomwelo.

Popita kugalimoto, mphunzitsiyo anamuuza motsitsa mawu kuti zotsatira zidzatuluka pamodzi ndi za anzake, koma asavutike kumanga matiresi.

"Lolemba ndikuoneni m'kalasi. Ndipo muzindiyang'ana."

"Ndidzayesa, Madamu."

Fumbi la galimoto litatha, Vinsenti anabwerera kumunda kuti akatenge mpando. Anapeza apongozi ake akadali pa thumba paja, akutembenuza kachewere mmodzi m'manja. Mwa chizolowezi mapazi ake anayamba kupatuka.

"Bwerani kuno, bambo a Sungeni. Khalani apa."

Anakhala pansi, chapafupi.

"Poti tsopano tikulankhulana, ndikufunseni ndekha, osatuma munthu. Mukadzamaliza sukuluyi, mwana wangayu mudzamusiya pano?"

Vinsenti anadziwa yankho limene likanawasangalatsa, lakuti iye sadzachoka ku Kaphuka mpaka imfa. Linali pamilomo. Koma anaona kuti sangayambe kulankhula ndi munthu ameneyu ndi bodza.

"Amayi, kumene ntchito idzandiitanire sindikukudziwa. Mwina ndi pa boma pompa, mwina ndi kutali. Sindingakulonjezeni kuti ndidzakhala m'mudzi muno. Chimene ndingalonjeze n'chakuti kumene ndidzapite, Bernadetta ndi Sungeni ndidzapita nawo. Ndidzabwera kudzawapempha kwa inu ndi kwa amalume ake, mwa dongosolo lake."

M'maso mwa a Magadalena munadzaza misozi, ndipo sanaibise.

"Ndiye kuti mudzanditengera onse awiri."

"Mwina, amayi."

"Zikundiwawa, musaganize kuti sizikundiwawa." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango. "Koma bola kulira mwana ali kwa mwamuna wake kusiyana ndi kulira naye pakhomo. Mnzanu uja anandilonjeza zokoma zokhazokha."

Anaponya kachewere uja pambali, natola wina wamkulu, n'kumuika payekha. Anatolanso wina wamng'ono n'kumuika mbali ina.

"Mwati milu itatu?"

"Itatu, amayi."

"Sunthirani kuno tsono. Wapakatiyo ine sindikumudziwa malire ake, mundionetse musanapite."